Mafilimu oseketsa a umbava a ku Britain: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa ndi amene amabwerabwera tikamacheza za mafilimu a ku Britain omwe nkhani yake ndi ya kuba kapena kupha, koma cholinga chake n'kuseketsa. Ena amafunsa ndi anthu amene anaonera imodzi n'kuikonda. Ena amafunsa ndi amene anaisiyira pakati, akudabwa kuti anzawo akuseka chiyani. Dziwirenitu kuti mathero a mafilimu angapo akale aululidwa m'munsimu.

Kodi mafilimu amenewa ndi otani kwenikweni?

Ndi mafilimu amene pakatikati pa nkhani yake pali mlandu, kaya kuthyola banki, kuba golide kapena chithunzi chodula, kaya kupha munthu kumene, koma owapanga amafuna kuti muziseka osati kunjenjemera. Akuba ake kawirikawiri si zigawenga zozolowera ntchitoyi. Mumapeza kalaliki wa kubanki amene wakhala pa mpando umodzi zaka 20, mayi wamasiye yemwe mwamuna wake wamusiyira ngongole, nkhalamba zopuma pa ntchito, kapena anyamata a m'tauni amene aluza ndalama pa juga. Pulani yawo imakhala yosalala pa pepala. Chimaiphwasula ndi kanthu koti palibe anakaganizira: lamba wa bokosi wokodwa pachitseko, ana asukulu ogula katundu amene sanali wogulitsa, galu womeza dayamondi.

Alipo a mitundu iwiri. Ena ndi ofatsa, a tiyi ndi agogo ndi apolisi aulemu. Ena ndi aphokoso, a zigawenga za ku London zotukwana kuyambira poyamba mpaka pothera.

Anayambira kuti?

Ambiri amaloza ku Ealing, dera la kumadzulo kwa London, komwe kuli nyumba yojambulira mafilimu ya Ealing Studios. Michael Balcon anayamba kuiyendetsa mu 1938, ndipo nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, pakati pa 1947 ndi 1957, kunatuluka mafilimu oseketsa amene mpaka lero ndiwo amayezera ena onse. Atatu mwa iwo ndi a umbanda weniweni: *Kind Hearts and Coronets* ya mu 1949, *The Lavender Hill Mob* ya mu 1951 ndi *The Ladykillers* ya mu 1955. Monse mutatu muli katswiri wa zisudzo Alec Guinness. Mu yoyambayo anasewera yekha anthu 8 a banja limodzi, mmodzi mwa iwo ndi mayi, ndipo filimu ikamatha onsewo amakhala atafa.

Nthawi imene anatulukira ndi yofunika. Britain inapambana nkhondo koma inatsala yosauka. Zakudya ankagula mochita kugawiridwa ndi makuponi: tiyi mpaka 1952, shuga mpaka 1953, nyama mpaka 1954. Munthu amene waima pa mzere m'mawa wonse kulondola kanyama ka mlungu wathunthu, madzulo n'kukaona kalaliki wosauka akuthawitsa golide wa banki, mtima wake ungakhale mbali iti?

Ndikufuna kuyesa. Ndiyambe ndi iti?

Ngati mumapirira filimu yoyenda pang'onopang'ono, yambani ndi *The Ladykillers* ya mu 1955, osati ya mu 2004. Ngati mukufuna kuseka mokweza, tengani *A Fish Called Wanda* ya mu 1988. Anaitsogolera ndi Charles Crichton, yemwenso anatsogolera *The Lavender Hill Mob* zaka 37 m'mbuyomo, ndipo Kevin Kline anapata nayo mphoto ya Oscar. Ozolowera mafilimu a nkhonya ndi mfuti ayambe ndi *Snatch* ya mu 2000. Yoonera pamodzi ndi makolo popanda kumayang'ana pansi ndi *The Duke*.

N'chifukwa chiyani munthu umapezeka ukuchemerera wakuba?

Amene anakula akumva nthano za Kalulu sangadabwe nazo. Kalulu ndi wabodza, ndi waulesi, amakana kukumba nawo chitsime koma madzi n'kumamwa, komabe palibe mwana amene amakhala mbali ya Njovu kapena Fisi. Timakonda kuona wamng'ono akupusitsa wamkulu.

Ku Britain wamkuluyo ndi banki, kampani ya inshuwalansi, boma, ndi mabanja obadwira pa chuma ndi maudindo. Ndi dziko limene munthu akangoyankhula mawu awiri, anzake amadziwa kuti anaphunzira sukulu yanji ndipo bambo ake ankagwira ntchito yanji. Henry Holland, kalaliki wa mu *The Lavender Hill Mob*, wakhala akuperekeza golide wa banki kwa zaka 20 pa malipiro ochepa, ndipo mabwana ake amamuona ngati munthu wozizira, woti maganizo oba sangamufikire n'komwe. Kupeputsidwa kumeneko ndiye chida chake. Iye ndi mnzake amasungunula golideyo n'kuumba tizidole ta nsanja ya Eiffel, tofanana ndi timene amagulitsa kwa alendo odzaona malo, n'kutitumiza ku Paris. Woonera aliyense amene bwana wake sanamuyamikirepo amamva ngati golideyo akumubera iyeyo.

Koma pali kaukathyali kamene owapanga amachita, ndipo ndi bwino kukadziwa: wobedwa samuonetsa nkhope. Golide ndi wa banki, ndipo banki ilibe ana ogona ndi njala. Holland akanaba ndalama za mayi wogulitsa masamba pamsika, palibe akanaseka. Kukoma kwa mafilimu awa kwagona pamenepa, ndipo vuto lawo lalikulu lagonanso pomwepo. Onani funso la kukometsa umbava m'munsimu.

Nanga agogo ndi makapu a tiyi amalowamo bwanji m'nkhani ya zigawenga?

Yankho lonse lili mu *The Ladykillers*. Gogo wina wamasiye, Mayi Wilberforce, amakhala yekha ndi mbalame zake m'kanyumba kopendekeka pafupi ndi siteshoni ya sitima ya King's Cross. Mpopi wake sutulutsa madzi pokhapokha auwombe ndi nyundo. Kumabwera bambo wodzitcha pulofesa kudzachita lendi chipinda, n'kunena kuti iye ndi anzake anayi ndi oimba, akufuna pophunzirira nyimbo. Akatseka chitseko amaika mbale ya nyimbo pa galamafoni, zoimbira zili pansi, iwo n'kumakonza zoba galimoto yonyamula ndalama. Vuto ndi lakuti gogo uja ndi wolandira alendo. Mphindi zochepa zilizonse, gogogo pachitseko, wabwera ndi tiyi, akufunsa ngati aonjeze shuga, akuyamikira kaimbidwe kawo. Amuna asanu oti akhoza kumuthyola khosi ndi dzanja limodzi amathamangira kutola zoimbira ngati ana ogwidwa akuseweretsa moto.

Ndalama amabadi, mapaundi 60,000. Tsiku lotsazika, lamba wa bokosi la choimbira amakodwa pachitseko, bokosi n'kutseguka, ndalama mbwee pansi gogo akuona. Iye sachita mantha. Amawadzudzula, amawauza kuti akabweze, ndipo nthawi yomweyo anzake, agogo enanso, amafika kudzamwa tiyi, zigawenga zija n'kuyamba kuperekera makapu. Amagwirizana zomupha, koma palibe amene akulimba mtima. Amathera kuphana okhaokha, mitembo akuiponya m'mabogi a sitima zodutsa kuseri kwa nyumba. Gogo akapita kukanena kupolisi, apolisi amene anazolowera nkhani zake zosamveka amamuuza kuti ndalamazo angosunga.

Nthabwala yake ndi yakuti ulemu ndi wamphamvu kuposa mfuti. Angerezi amadziseka okha pa mantha awo oopa kuoneka amwano: munthu angalolere kufa kusiyana n'kukana kapu ya tiyi. Ife amene timadziwa kuti chidakwa cholusa chimatsitsa mawu agogo akatulukira pakhomo, izi sitivutika kuzimva. Katie Johnson, amene anasewera gogoyu ali ndi zaka zoposa 75, anapata nayo mphoto ya BAFTA, yomwe ndi mphoto yaikulu ya mafilimu ku Britain. Kwa ine iyi ndiyo filimu yoposa zonse za mtunduwu, chifukwa siinamiza kuti zigawengazo ndi anthu abwino. Ndi oipa ndithu, kungoti akumana ndi chinthu chimene sanakonzekere.

Apolisi ake bwanji alibe mfuti, ndipo bwanji amaoneka ogona?

Za mfuti si nthabwala. Apolisi wamba a ku England, Wales ndi Scotland sayenda ndi mfuti mpaka lero. Zimakhala ndi magulu apadera okha. Malamulo a mfuti ndi okhwimanso kwa anthu wamba, makamaka chiyambire 1997. N'chifukwa chake mfuti ikatulukira m'filimu ya ku Britain imakhala nkhani payokha.

Zakuti ndi ogona, ndiye kuti nthano ikufuna choncho: Kalulu sangawale ngati Fisi ndi wochenjera. *Hot Fuzz* ya mu 2007, ya Edgar Wright ndi Simon Pegg, inatembenuza zimenezi. Wapolisi wa ku London amene akugwira ntchito bwino mpaka kuchititsa manyazi anzake amamutumiza kumudzi wabata, komwe amapeza kuti akupha anthu ndi akuluakulu a komiti ya chitetezo cha m'mudzi, pofuna kuti mudzi wawo uzipambanabe mpikisano wa mudzi wosamalika.

Amasiyana bwanji ndi a ku America?

Njira yachidule yoonera ndi kuyerekeza mafilimu amene anajambulidwa kawiri. *The Italian Job* ya mu 1969, ya Michael Caine, ndi ya gulu la Angerezi osalongosoka amene akukaba golide ku Turin, n'kuthawa pa timagalimoto titatu ta Mini, kofiira, koyera ndi kabuluu. Ya ku America ya mu 2003 ili ndi timagalimoto tomweto, koma akuba ake ndi akatswiri, ooneka bwino, ndipo akubwezera imfa ya mnzawo. Amapambana n'kugawana chuma. Aku America amafuna muzisirira wakubayo. Angerezi amafuna muzimumvera chisoni uku mukumuseka.

*The Ladykillers* nayo anaijambulanso mu 2004, Tom Hanks ndiye pulofesa, nkhani itasamukira ku Mississippi. Phokoso linachuluka, koma kaulemu kozunza kaja kanasowa, ndipo popanda iko nkhaniyo ilibe msana.

Kodi mafilimu a Guy Ritchie, amene anatsogolera *Snatch*, ndi a mtundu womwewu?

Ndi mdzukulu wake, koma woleredwa kumsika. *Lock, Stock and Two Smoking Barrels* ya mu 1998 ndi ya anyamata anayi amene asonkha mapaundi 100,000 kuti mnzawo akachite juga ya makhadi. Masewerawo ndi okonzeratu, ndipo amatulukamo ndi ngongole ya mapaundi 500,000 yoti abweze pa mlungu umodzi. Mafupa ake ndi a ku Ealing: anthu osadziwa umbava, pulani yophweka, ngozi pamwamba pa ngozi. Chimene Ritchie anaonjeza ndi liwiro, nyimbo, kutukwana, magazi, ndi magulu anayi kapena asanu olondola katundu mmodzi mosadziwana.

Filimuyi ndiyo inatulutsa Jason Statham, yemwe kale ankagulitsa malonda m'misewu ya London, ndi Vinnie Jones, amene okonda mpira akale akumukumbuka ku Wimbledon pomwe inagonjetsa Liverpool mu fainolo ya FA Cup mu 1988. Itachita bwino, kwa zaka zingapo aliyense wokhala ndi kamera ku London ankafuna kujambula zigawenga zovala masuti. Ambiri mwa mafilimu otsanzirawo anatengera kutukwana kokha, nzeru yolukira nkhani n'kuisiya, ndipo lero palibe amawakumbuka.

Chingerezi ndimamva, koma cha m'mafilimu awa chimandidutsa. Vuto ndi ine?

Ayi. Ngakhale aku America chimawavuta. Zigawenga za kum'mawa kwa London zimayankhula Chingerezi cha Cockney, chomeza zilembo, ndiponso chili ndi chining'a chake chogwiritsa ntchito mawu omveka mofanana kumapeto. Akati *dog and bone*, galu ndi fupa, akunena foni, chifukwa *bone* ndi *phone* zimathera mofanana. Mu *Snatch*, Brad Pitt amayankhula mwadala moti ngakhale anzake a m'filimu momwemo samumva. Yatsani mawu olembedwa pansi, palibe manyazi.

Nanga akamasuliridwa m'Chichewa amakomabe?

Aphokoso aja amakoma ndithu, ndipo womasulira waluso amathiramo zakezake mpaka nyumba yonse kugwa ndi phwete. Ofatsawo ndiwo amavuta. Nthabwala zake zambiri zagona pa kuchepetsa chinthu chachikulu: munthu wafa m'chipinda, wina n'kungoti pachitika kovuta pang'ono, nkhope ili phee. Womasulira akafuula kapena kufotokozera, nthabwala yafa.

Chodabwitsa n'chakuti Chichewa chili nako kale kayankhulidwe kameneka. Munthu ali kayakaya m'chipatala timati sakupeza bwino. Nkhokwe yapsa yonse, mwini wake n'kumati tavutikako pang'ono. Womasulira amene angatenge mawu a mkulu wa mpingo wodekha n'kuwaika m'kamwa mwa pulofesa wa mu *The Ladykillers* angaikometse filimuyo kuposa woika mawu a kondakitala wa minibasi.

Kodi nkhani zake zinachitikadi?

Zambiri ndi zopeka, koma zina zinachitika. Mu 1961, chithunzi cha Duke of Wellington chojambulidwa ndi Goya, katswiri wa ku Spain, chinasowa ku nyumba yoonetsera zithunzi ya National Gallery ku London, patangopita masiku ochepa chiyikidwireni, chitagulidwa pa mapaundi 140,000. Mu 1965 bambo wina wachikulire wa ku Newcastle, Kempton Bunton, anachibweza n'kukadzipereka. Dandaulo lake linali lakuti okalamba osauka asamalipire laisensi yoonera wailesi yakanema. Iye anali atamangidwapo kale chifukwa chokana kulipira. Khoti linamupeza wolakwa pa kuba felemu yokha, poti felemuyo sinabwezedwe, ndipo anakhala m'ndende miyezi itatu. Patapita zaka zinadziwika kuti amene analowa pa zenera anali mwana wake. Nkhani imeneyi ndiyo ya *The Duke*, ya Jim Broadbent ndi Helen Mirren, ndipo ndi imodzi mwa nkhani zochepa zoona zimene zimakwanadi m'chikombole cha nthabwala, chifukwa palibe anavulala ndipo chithunzicho chinabwerera.

Ina ndi ya ku Hatton Garden, msewu wa ogulitsa miyala yodula ku London. Pa tchuthi cha Isitala mu Epulo 2015, gulu la amuna, ambiri a iwo okalamba, linaboola khoma la konkire lokhuthala theka la mita n'kukhuthula mabokosi osungiramo chuma, katundu wa pafupifupi mapaundi 14 miliyoni. Wamkulu wawo, Brian Reader, anali ndi zaka 76. Pasanathe zaka zinayi nkhaniyi inali itajambulidwa kangapo, kuphatikizapo *King of Thieves* ya mu 2018.

Kodi mafilimu amenewa sakometsa umbava?

Pa nkhani zopeka, ine sindida nkhawa. Palibe amene anakathyola banki chifukwa choonera Alec Guinness. Pa nkhani zoona ndiye pali mlandu woti tiukambe.

Pa 8 Ogasiti 1963, gulu la amuna pafupifupi 15 linaimitsa sitima ya makalata yochokera ku Glasgow kupita ku London, ku Buckinghamshire, n'kuba mapaundi 2.6 miliyoni. Angerezi ambiri anawatenga ngati ngwazi, makamaka Ronnie Biggs amene anathawa m'ndende mu 1965 n'kukakhala ku Brazil zaka zambiri akujambulitsa ndi alendo. Amene saatchulidwa kawirikawiri ndi Jack Mills, woyendetsa sitimayo, yemwe anamenyedwa m'mutu usiku umenewo. Thanzi lake silinabwererenso mwakale, ndipo anamwalira mu 1970 ndi matenda ena. Mu 1988 kunatuluka *Buster*, momwe woimba Phil Collins anasewera mmodzi wa akubawo ngati bambo wokonda mkazi wake, wa tsoka chabe. Anthu anadandaula kwambiri moti Prince Charles ndi Diana, omwe anayenera kukakhala nawo pa tsiku loyamba kuionetsa, sanapiteko.

Za ku Hatton Garden n'chimodzimodzi. Manyuzipepala anasangalala ndi zoti agogo akuba, wina anapita kokaba pa basi. Koma mabokosi aja sanali a banki yopanda nkhope. Ambiri anali a amalonda ang'onoang'ono, ena opanda inshuwalansi, ndipo kampani yosunga mabokosiyo inagwa chaka chomwecho. Akubawonso sanali agogo ongoyesa mwayi. Reader anali atakhalapo kale m'ndende pa mlandu wokhudza golide wa ku nyumba yosungiramo chuma ya Brink's-Mat, amene anabedwa mu 1983 alonda atathiridwa petulo. Kunena chilungamo, *King of Thieves* inayesako kuonetsa kuti anthuwa anali ankhanza ndi osakhulupirirana, koma inagwa pakati: theka loyamba likufuna museke matenda awo a shuga ndi makutu osamva, theka lachiwiri likufuna muwaope. Mapanga awiri avumbwitsa.

Tsiku lina ndikuonera ina mwa mafilimu otere, azakhali anga amene anathyoledwapo nyumba kawiri anaima pakhomo kwa mphindi zingapo, kenako anati, “Inu mukuseka, kodi mwini katunduyo amuonetsa nthawi yanji?” Sanamuonetse mpaka filimu inatha.

Kupatula zimenezo, zofooka zake zina ndi ziti?

Chachikulu ndi kubwereza. Mukaonera asanu mwaonera onse: kusonkhanitsa gulu, kujambula pulani pa tebulo, kuba, kukangana pogawana. Gawo lokoma ndi loyamba ndi lachiwiri. Katundu akangobedwa, olemba ambiri amasowa chochita, ndiye amangothamangitsa magalimoto kapena kupha anthu mmodzimmodzi mpaka nthawi ikwane.

China ndi kudalira nkhope zodziwika. Britain ili ndi akatswiri a zisudzo ambiri okalamba amene angawerenge ngakhale mndandanda wa zogula kumsika inu n'kumamwetulira. Opanga mafilimu amadziwa zimenezi, ndiye amasonkhanitsa anayi kapena asanu, n'kuwapatsa nkhani yosapsa. Mumatuluka mutasangalala, koma pofika mawa simukumbuka kuti wapha uja anali ndani. Chikomekome cha mkuyu.

Palinso England wa pa khadi la Khirisimasi: midzi ya maluwa, tchalitchi cha miyala, aliyense ali ndi dimba. Amene akukhala ku Luton kapena ku Leeds, akugwira ntchito ya usiku yosamalira okalamba, angakuuzeni kuti dziko limenelo sanalionepo. Ndipo akazi, kupatula agogo, sapatsidwa zambiri zochita. Mu *Lock, Stock* mungawerenge ndi dzanja limodzi akazi amene amayankhula. *A Fish Called Wanda* ndi yosiyanako, chifukwa Jamie Lee Curtis ndiye wochenjera kuposa amuna onse m'menemo, ndipo zaka zaposachedwa kwabwera ena ngati *Wicked Little Letters*, ya Olivia Colman ndi Jessie Buckley, momwe nkhani yonse ili m'manja mwa akazi.

Ndinamva kuti ena ali ndi nthabwala zonyoza mitundu ya anthu. Ndi zoona?

Ndi zoona, ndipo sizinathere m'mafilimu akale okha. *The Italian Job* ya mu 1969 yonse ndi Angerezi kudzitama kuti aposa nzeru anthu a ku Italy. Mkulu wa zigawenga, yemwe anasewera Noël Coward, amalamulira ali m'ndende atazunguliridwa ndi zithunzi za Mfumukazi. *Snatch* imaseka anthu oyendayenda ochokera ku Ireland ndi dzina limene iwo amaliona ngati chitonzo. *The Gentlemen*, ya Ritchie yemweyo, inadzudzulidwa chifukwa cha nthabwala zake pa Matchaina ndi mitundu ina. Oikira kumbuyo amati amene akuyankhulawo ndi zigawenga, sangayankhule ngati abusa. Pali nzeru pamenepo, koma mumatha kuona pamene filimu ikuseka wonyozayo ndi pamene ikuseka naye limodzi.

M'mafilimu oseketsa a ku Ealing, anthu akuda n'kovuta kuwaona, ngakhale kuti sitima ya pamadzi ya Empire Windrush inali itafika kale mu 1948 ndi anthu ochokera ku Caribbean.

Nkhani ya chibwibwi mu *A Fish Called Wanda* inathera kwina. Michael Palin anasewera munthu wachibwibwi, ndipo ena anakhumudwa. Bambo ake a Palin anali achibwibwi, ndipo mu 1993 ku London kunatsegulidwa malo othandiza ana a vutoli omwe amadziwika ndi dzina lake.

Kodi wakuba amapulumuka pamapeto?

M'mafilimu akale, kawirikawiri ayi. Oyang'anira mafilimu a nthawi imeneyo, ku Britain ngakhalenso ku America, sankafuna kuti umbava uzioneka wopindulitsa, ndiye tsiku la fote linkayenera kukwana. Olemba aluso anasandutsa lamuloli kukhala nthabwala yomaliza. Holland amafotokoza nkhani yake yonse ali pa malo odyera apamwamba ku Rio de Janeiro, akugawa ndalama kwa aliyense, ndipo akamaimirira m'pamene mumaona kuti dzanja lake lamangidwa unyolo limodzi ndi la bambo amene amamumvetsera uja. Mu *Kind Hearts and Coronets*, wakupha amaweruzidwa kuti anyongedwe pa imfa imene sanaichite, amalemba mbiri ya zonse zimene anachitadi usiku womaliza, m'mawa amamasulidwa, ndipo ali panja pa geti amakumbukira kuti zolembazo wazisiya pa tebulo m'chitolokosi. Ku America anaonjezerako kachigawo koonetsa zolembazo zikupezedwa, kuopa kuti wina angaganize kuti wapulumuka.

Mathero otchuka kuposa onse ndi a *The Italian Job*: basi yalendewera pa phompho m'mapiri a Alps, golide ali kumbuyo kolendewerako, anthu ali kutsogolo, aliyense akasuntha basi ikupendekeka. Filimu imathera pomwepo. Anthu anakangana za mathero amenewa kwa zaka zambiri, moti mu 2008 bungwe la akatswiri a sayansi la Royal Society of Chemistry linachititsa mpikisano wofuna njira yopulumutsira golideyo.

Ana angaonere?

Yang'anani chizindikiro cha BBFC, bungwe la ku Britain lounika msinkhu woyenera kuonera filimu, pa chikuto kapena pa intaneti: U (aliyense), PG (makolo aunike), 12 kapena 12A, 15 kapena 18 (manambalawa ndi zaka zoyambira). Mawu oti “yoseketsa” asakupusitseni. *Snatch* ndi ya 18, *Hot Fuzz* ndi ya 15 ndipo ili ndi magazi ambiri, *The Duke* ndi ya 12A. A ku Ealing alibe zamaliseche ndipo zotukwana n'zosowa, koma ana ambiri a masiku ano amagona pasanathe mphindi 20.

Bwanji atsopano ambiri ndi a nkhalamba zofufuza milandu?

Chifukwa ndiwo akuonera. Ku Britain anthu opuma pa ntchito ndi ambiri, ali ndi nthawi, ndipo amafuna nkhani yopanda phokoso imene anthu a msinkhu wawo ndiwo anzeru. *The Thursday Murder Club*, yochokera m'buku la Richard Osman la mu 2020, inatuluka pa Netflix mu 2025 ili ndi Helen Mirren, Pierce Brosnan, Ben Kingsley ndi Celia Imrie, onse akukhala kumalo osungirako okalamba okongola ngati hotela, n'kumafufuza milandu yakupha Lachinayi lililonse. Apa nkhalamba zasiya kuba, zayamba kugwira akuba, koma msampha ndi womwe uja wa Mayi Wilberforce: munthu wa imvi palibe amamuwerengera, ndiye amamva zonse.

Chasintha ndi mano. Filimu za mu 1949 ndi 1955 zinali ndi ululu pansi pa ulemu, zinkaseka dziko lawo lomwe mosalinyengerera. Zambiri za lero zimangofuna kuti mukhale bwino pa sofa. Munthu amafa m'mphindi 15 zoyambirira, palibe amamulira, ndipo kamera imabwerera msanga ku keke ili pa tebulo.